Cingwe ca Mfundo Zinai

M'dziko la Mfumu Kakumbi, m'cigwa ca Luangwa, kumene njobvu zimalowa m'midzi usiku kudzaba mango ndipo dzuwa la mwezi wa October limaswa mtengo, mukhala mkulu wina wa zaka zoposa 80. Dzina lace silidzachulidwa muno, pakuti anansi ace amene adziwa nkhani yace akhala akuisunga mwaulemu, ndipo sikuyenera kuti buku liulule cimene mudzi unabisa. Pansi pa kama wace pali bokosi la citsulo lodyeka ndi dzimbiri. M'kati mwace muli madiresi angapo, maduku, mikanda ndi nsapato zacikazi, ndipo pansi peni-peni pali kacingwe ka khonje ka mfundo zinai. Zobvala zimenezi si za mkazi wace amene anamwalira, kapena za ana ace akazi. Ndi zace iye mwini: anazipeza ndi thukuta lace, nazibvala pa thupi pace. Nkhani ino ndi ya m'mene anazigulira, pakuti kagulidwe kace kanasintha kanai m'zaka 60, monga momwe dziko lomwe linasinthira.

Mkuluyu si Mkunda iai. Ndi Mcewa, wobadwira m'midzi ya ku mtunda, ca ku Katete, m'masiku a nkhondo ya Hitler. Atasinkhuka analowa ku dambwe, ndiko kumalo kobisika kumene amuna a Gule Wamkulu amasonkhana, monga anacitira amalume ace. Akulu a kumeneko, poona kuti mnyamatayo anali wopepuka miyendo ndi wofewa m'ciuno, anampatsa Maliya. Mwambo wa ku dambwe sulembedwa m'buku, ndipo sudzalembedwa muno. Koma cimene munthu aliyense amaona pa bwalo cingathe kunenedwa: Maliya ndi cirombo ca nkhope ya mkazi, ca duku ku mutu, cobvala diresi kapena citenje, cimene cimabvina monyada ndi mwaulemu pa maliro, pa cinamwali ndi polonga mfumu. Dzina lace linacokera ku masiku amene Acewa ndi amishoni anali kulimbana za gule, koma mayendedwe ace ndi a mai wa m'mudzi. Akazi amaciimbira, naciombera m'manja, nacifupa ndalama. Amati zirombo zimacokera ku manda kapena ku madzi, ndipo palibe amene afunsa poyera kuti m'kati mwa diresimo muli yani. Komabe diresi silimera ku manda. Pamafunika munthu wamoyo, wa ndebvu zace, kuti apite ku sitolo akaligule, ndipo asanene cifukwa cace.

Kale-kale bvuto limeneli panalibe. Makolo anali kumenya makungwa a mombo ndi a kacere kupanga nyanda, ndipo mwamuna ndi mkazi anali kubvala nyanda imodzimodzi. Kusiyana kwace kunali pa kamangidwe cabe. Ngakhale pamene nsalu za merikano ndi biriwita zinafika, nkhalamba zambiri zacimuna zinali kuyenda zitamangirira nsalu pa phewa, popanda wina wozizwa nazo. Sitolo, sukulu ndi mishoni ndizo zinagawa zobvala ndi malire olimba: kabudula ndi buluku mbali iyi, diresi mbali iyo. Ndipo popeza Maliya amatsata kabvalidwe ka akazi a nthawi yace, akazi atayamba kubvala madiresi, iyenso anafuna diresi.

Ulendo woyamba wa munthu wathuyu unali wa ku Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata, ufulu wa 1964 uli pafupi kufika. Anali mnyamata wosakwatira, ndipo mashiling'i ocepa amene analandira pa nchito ya m'munda wa fodya anawamanga pa kansalu. Zaka zocepa m'mbuyomo masitolo ena a Azungu anali kugulitsira munthu wakuda pa kazenera ka m'mbali, kumene sakanatha kukhudza cinthu asanacilipire; ndipo ngakhale mwambowo unali kutha, mnyamata wa ku mudzi sanayerekeze kulowa m'menemo. Anatsikira ku masitolo a Amwenye, amene anayamba malonda mu mzindawo mu 1905.

Kugula nsalu ya mkazi sikunali kwa manyazi konse. Amuna obwera ku Salisbury, ku Joni ndi ku Migodi anali kudzaza masutikesi ndi nsalu za akazi ao ndi alongo ao, ndipo wobwera cimanja-manja ndiye anali kusekedwa. Bvuto linali pa muyeso. Madiresi osoka kale anali osowa, ndiponso a akazi a thupi locepa. Cotero munthu anali kugula mayadi a nsalu m'kati mwa sitolo, natuluka nayo pa khonde, pamene atelala anali kukhala ndi makina ao a Singer opalasa ndi mapazi. Mwamuna wosokera mkazi amene watsala ku mudzi anali kudza ndi diresi lakale, kapena cingwe comangidwa mfundo, coonetsa thupi la mwini wace. Cifukwa ca ici, usiku woti anyamuka mawa, mnyamatayo anapita yekha kuseri kwa nkhokwe nadziyesa ndi khonje: mfundo ya mapewa, mfundo ya cifuwa, mfundo ya ciuno, ndi mfundo ya msinkhu kufikira mu akakolo.

Telala amene anamfikira anali Myao wa ku Nyasaland, wa imvi ndi cisoti coyera.

"Nla yani diresili, acimwene?" anafunsa telalayo.

"Nla mlongo wanga, bambo."

Telala anatambasula cingweco pa tepi yace. Anayang'ana mfundo yoyamba, nayang'ana mapewa a mnyamata, nabwezanso maso pa mfundo. Mnyamatayo anacita thukuta kamu-kamu, naganiza zosiya nsalu pomwepo ndi kuliyatsa liwiro. Pakuti kunena zoona kukadakhala kulakwira dambwe, mlandu waukulu kwa Acewa. Ndipo kukhala cete kukadamsandutsa coseketsa ca khonde lonse, pamene panali atelala ena ndi akazi odikira zobvala zao.

"Mlongo wanu ndi wa mapewa," anatero telala, wosaseka konse. "Ndasokera alongo otere ambiri. Amakonda manja otakasuka, kuti pokweza mikono nsalu isang'ambike m'khwapa. Mubwere mawa dzuwa likapendeka."

M'mawa mwace diresi linali litatha, la msoko wawiri m'khwapa ndi lotambalala m'munsi, ndipo pa cidutswa cotsala telala anampendera duku la mbasela. Sanafunsenso kanthu kena, ndipo mnyamatayo sanadziwe dzina la telalayo kufikira lero. Akulu amati safunsa anadya phula, ndipo nzoona. Koma liripo funso lina limene munthu wanzeru amalimeza, cifukwa yankho lace walidziwa kale, ndipo kulifunsa ndiko kungofuna kucititsa mnzace manyazi.

Mu 1965 boma linayamba nchito yocepetsa njobvu, mvuu ndi njati m'cigwa ca Luangwa, nilimanga nyumba yokonzera nyama kwa Kakumbi. Nchitoyo inatha mu 1972, caka comwe nkhalango ya South Luangwa inasanduka National Park, koma inasiya dzina lace, pakuti pamalo pa masitolo a ku Mfuwe pachedwa Cropping kufikira lero. Mnyamata uja anatsikira ku cigwa kudzafuna nchito imeneyo, ndipo itatha analowa nchito yocapa ndi kusita m'misasa ya alendo odzaona nyama. Anakwatira mkazi wa mtundu wa Akunda, munthu wa Mpingo, nakhala cikamwini m'mudzi wa mkaziyo. Cirimwe ciri conse, uthenga wa maliro a munthu wamkulu ukafika kucokera kwao, anali kupempha masiku kwa kapitao, namanga kathumba, nakwera ku mtunda. Ndipo anali kubwera woonda ndi wotupa mapazi.

Tsiku lina mkaziyo, pofuna singano, anapeza bokosi liri losakhoma. Ataona diresi la maluwa ndi duku lace, mtima wace unasweka, pakuti anati, "Ndico cace amakwera-kwera ku mtunda, ali ndi mkazi wina kumeneko." Sanacedwe kuitana ankhoswe. Tsono mkamwini ndi mlendo m'mudzi wa mkazi wace: akalakwa amangokulunga mphasa yace, nasiya nyumba, munda ndi ana. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango, diresi liri pakati pao.

"Yankhani, alamu," anatero mlongo wa mkaziyo. "Mwini nsaluyi ndani?"

Mwamunayo anawerama nthawi yaitali. Pamenepo panali akazi ndi amuna osalowa ku dambwe, ndipo iye analumbira kuti sadzaulula. Potsiriza anati, "Ndiribe mkazi wina. Zina sindingathe kunena."

Yankho lotere silithetsa mlandu, ndipo ankhoswe anati adzakhalanso m'mawa. Usiku umenewo mkaziyo anatenga diresilo kuti aliponye pa moto. Koma asanatero anafuna kudziwa kukula kwace kwa mkazi mnzaceyo, naliyesa pa thupi pace. Mapewa a diresi anagwera m'zigongono mwace, ndipo mpendero unakwawa pansi. Analinunkhiza m'khwapa, namva pfungo la utsi ndi la thukuta limene analidziwa bwino, popeza ndiye anali kucapa malaya a mwini thukutalo. Pamenepo anatenga cingwe cija m'bokosi, napita pamene mwamuna wace anagona cafufumimba, wosadziwika ngati ali m'tulo kapena ali maso, naciyala pa msana pace. Mfundo inagwa pa phewa peni-peni.

Kutaca anauza ankhoswe kuti, "Mlandu watha. Ndinalakwa ndine, nsaluyo ndi ya m'nyumba muno." Ankhoswe anadandaula kuti awabvutitsa cabe, nabalalika. Awiriwo sanakambenso za mlanduwo masiku onse a moyo wao.

Kuyambira pamenepo kugula kunalowa m'manja mwa mkazi, ndipo kunali kwabwino kuti kunatero, pakuti nyengo inali itasintha. Mu 1968 mashiling'i anatha, nifika Kwacha. Ndipo m'mwezi wa April caka comweco, ku Mulungushi, Pulezidenti Kaunda analengeza kuti malonda a m'masitolo a kunja kwa mizinda yaikulu akhale m'manja mwa nzika za Zambia. Amwenye ambiri amene sanali nzika anasiya masitolo ao a ku midzi, ndipo malonda ambiri analowa m'masitolo a boma. Mu 1973 malire a ku Rhodesia anatsekedwa, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa, umene dziko lonse linali kudalira, unali utagwa. Sopo, mcere, mafuta ophikira ndi nsalu zinayamba kusowa, ndipo anthu anaphunzira kuima pa mzere mbanda kuca. Nsalu inali kuombedwa ku Kafue, ndipo pambuyo pace ku Kabwe, kumene dziko la China linathandiza kumanga Mulungushi Textiles. Koma yofika ku cigwa inali yocepa, makamaka m'dzinja, pamene matope anali kutseka mseu wa ku Chipata. Ena anali kubwera ndi zitenje za David Whitehead wa ku Blantyre, zodzera m'tinjira ta m'malire a Malawi, koma zimenezo zinali za mtengo wokwera.

M'masiku otere mwamuna woima pa mzere wa nsalu ya maluwa akadayang'anidwa ndi maso onse, koma mkazi palibe anamfunsa. Iye anali kupita ndi cingwe cija kwa telala wa pa Cropping, nanena kuti, "Nla mlamu wanga wa ku mtunda, munthu wa thupi." Pobwera anali kuika nsaluyo pa kama, nangoti, "Iyi mudzaikonda." Caka cina nsalu inasoweratu, diresi lakale litang'ambika kosakonzeka, ndipo uthenga unafika kuti amalume a mwamuna wace, amene anamlowetsa ku dambwe, amwalira. Mkaziyo anatenga zitenje zace ziwiri, cina ca izo cinali ca pa Sabata, nasoka diresi ndi singano ya pa manja usiku wonse, pa kuunika kwa koloboi. Ku Mpingo anapita ndi citenje cofwifwa miyezi yambiri, ndipo akazi anzace anamnena kuti mwamuna wace samsamala. Diresi limenelo linabvinidwa pa malirowo, ndipo linabvinidwanso ku Mkaika, kumene Kalonga Gawa Undi anautsa mwambo wa Kulamba mu 1984, ndi kumene lero Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana m'mwezi wa August. Koma amene analisoka sanaone Maliya alikubvina ngakhale kamodzi.

Kusintha kwacitatu kunadza ndi mabelo. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zobvala zobvalidwa kale zinayamba kucuruka m'misika, ndipo boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 ndi kumasula malonda, zinasefukira dziko lonse. Ku Zambia zichedwa salaula, mau a Cibemba onena kusankha pa mulu. Ku Malawi amati kaunjika. Ndizo zobvala zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America amataya kapena kupereka mwaulere. Amalonda amazisankha, nazipanikiza m'mabelo, naziolotsa nyanja. Belo limayenda kucokera ku doko kufika ku Lusaka, kucoka ku Lusaka kufika ku msika wa Kapata ku Chipata, ndipo potsiriza limatsegulidwa pansi pa mtengo pa Cropping.

Kwa mwini bokosi uja salaula inali ngati mvula yoyamba. Akazi ena a maiko amenewo ndi a msinkhu ndi a mapewa, cotero kwa nthawi yoyamba anapeza diresi lomkwana popanda tepi kapena cingwe. Anapezanso cinthu cimene telala aliyense sakadampatsa, ndico nsapato yacikazi yolowa phazi la mwamuna wolima. Pa mulu zonse ziri zosakanizika, ndipo dzanja lofuna malaya likhoza kutola diresi popanda wina wozindikira. Mtengo unali wocepa, woti angathe kugula awiri tsiku limodzi. Koma walira mvula walira matope. Makina ambiri a pa makonde anakhala cete, atelala nasanduka ongocepetsa ndi kupinda zobvala za eni ace osadziwika. Ndipo nchito yoomba nsalu inafooka, kufikira Mulungushi Textiles inatsekedwa mu 2007. Mkuluyo, amene anali wocapa ndi wosita, anadziwa kuti madiresi a m'belo ndi osokedwa bwino. Komabe anali kunena mu mtima kuti diresi lotere silimdziwa, popeza linasokedwera munthu wina, ndipo msoko wa m'khwapa unali umodzi.

M'zaka zomwezo mkazi wace anamwalira. Mwa mwambo akadatha kusudzulidwa ndi kubwerera kwao ku mtunda, koma ana ace anakana, nati atate ao akalambire pomwepo. Maondo nawo anayamba kukana, ndipo anabwezera Maliya kwa eni dambwe kuti apatse mnyamata wina. Nchito ya bokosi inayenera kuthera pamenepo. Koma tsiku lina lotsegula belo anangozindikira ali ciriri pa mulu, diresi lobiriwira liri m'manja.

"Ambuya, mugulira yani, popeza ambuya akazi anatisiya?" anafunsa mai wogulitsa.

"Adzukulu," anayankha mkuluyo.

Silinali bodza lokha-lokha, pakuti madiresi ena anali kuwatumiza kwa anyamata a ku dambwe. Koma pobwerera, ali yekha pa njira, anadzifunsa funso lomwelo, ndipo sanathe kudzinamiza. Anazindikira cinthu cimene ng'oma zinabisa zaka zonsezo: kuti si iye yekha anali kutumikira Maliya, koma Maliya nayenso anali kumtumikira iye. Analikonda diresi. Anakonda kupepuka kwace, maluwa ace, ndi mtima wofatsa umene unali kumdzera akalibvala. Sanafune kusanduka munthu wina. Anali tate wa ana, wolima munda wace ndi wopirikitsa njobvu usiku monga amuna onse a kwa Kakumbi. Koma madzulo ena, atatseka citseko, anali kubvala diresi lija la zitenje ziwiri, nakhala pa mphasa kutong'ola cimanga, ndipo mtima wace unali kukhala pansi. Pamenepo anakumbukira mau a mkazi wace, nazindikira kuti mkaziyo anadziwa cinthuci mwini wace asanacidziwe. Pakuti sananene konse kuti, "Iyi idzaoneka bwino pa bwalo," koma masiku onse anali kuti, "Iyi mudzaikonda."

Kusintha kwacinai kunadza ndi mdzukulu wace wamkazi, amene anatsiriza sukulu ku Mfuwe komweko. Mtsikanayo ndiye amasesa m'nyumba ya mkuluyo, ndipo wosesa sabisidwa kanthu. Sanafunse, koma tsiku lina anakhala pambali pace ndi foni, nati, "Ambuya, taonani izi." Amalonda a ku Kamwala, mu Lusaka, amaika zithunzi za madiresi atsopano pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wogula amasankha pa cithunzi, natumiza ndalama pa foni yomweyo mwa Airtel Money kapena MTN, ndipo katundu amadza pa basi, popeza mseu wa ku Chipata, wa makilomita oposa 100, tsopano ndi wa phula. Mtsikanayo anatenga cingwe cija, nayesa mfundo zace pa tepi, nazisandutsa manambala. Patapita masiku ocepa phukusi linafika. Mkuluyo anazizwa kwambiri: wogulitsa sanaone nkhope ya wogula, ndipo wogula sanafunikire kuchula mlongo, mlamu kapena mdzukulu. Cimene anaciopa zaka zonse za moyo wace, ndico maso a mwini sitolo, cinali citacoka. Ngakhale kuti diresilo linasiyana pang'ono ndi cithunzi cace, ndipo panalibe munthu womuuza kuti atakasule manja, iye anati makono ali ndi cifundo.

Koma sanacedwe kuona kuti foni yomweyo iri ndi diso lace, lakuthwa kuposa la telala. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ndipo lero alendo amajambula Maliya mokondwa. Koma m'mizinda ndi m'midzi alipo amuna ena amene mtima wao umakonda zobvala zacikazi, ndipo alibe dambwe lowasunga kapena cigoba cobisa nkhope zao. Kale munthu akasekedwa pa khonde la sitolo, kusekako kunali kuthera pa khonde pomwepo. Lero cithunzi cojambulidwa m'mawa pa Cropping cimafika ku Lusaka dzuwa lisanalowe, ndipo sicifafanizika. Anthu amafulumira kumuikira munthu wotere milandu ina, imene malamulo a dziko amalanga ndi zaka zambiri za ndende, ngakhale kuti palibe cimene aona koma nsalu yokha. Wina amacotsedwa nchito, wina amathamangitsidwa m'nyumba ya lendi, wina amamenyedwa. Diresi limene likakhala pansi pa cigoba akazi amalifupa ndalama, lomwelo likakhala pansi pa nkhope ya munthu limaitana miyala. Mkuluyo analingalira za ici masiku ambiri, nazindikira kuti iye anali ndi mwai umene sanaugwirire nchito: anabadwira m'mtundu umene unamkonzeratu bwalo ndi ng'oma.

Tsiku lina, caka catha, anali pa Cropping kugula mcere, ndipo belo linali litatsegulidwa. Pa mulu panali mnyamata wa zaka ngati 20, wacilendo pang'ono, amene anatola diresi, nayang'ana uku ndi uku, nayala mapewa a diresilo pa mkono wace mofulumira, ngati munthu wongosewera nalo. Mkuluyo anadziwa mayesedwe amenewo, popeza ndi momwe munthu amayesera cobvala cimene sangathe kuciyesa pa thupi.

"Iwe, nla yani limenelo?" anafunsa mai wogulitsa ndi mau okweza.

"Nla mlongo wanga," anayankha mnyamatayo, mau ali njenjenje.

Akazi a pafupi anayamba kuseka, ndipo mnyamata wina wa pa njinga anakweza foni yace. Pamenepo mkuluyo anayenda ndi ndodo yace, naima pakati pa foni ndi mnyamata, ngati nkhalamba yosaona bwino pamene iponda. Analanda diresilo, nalitambasula, naligwedezera mutu.

"Mlongo wako ndi wa mapewa, mwana wanga," anatero. "Ili lidzang'ambika m'khwapa. Mtengere ilo la manja otakasuka." Ndipo anaceukira wogulitsa nati, "Mai, mkulungireni mwanayu. Kodi ndalama yace isiyana ndi ya ena?"

Kuseka kunazirala, ndipo foni inabwerera m'thumba, pakuti palibe wojambula msana wa nkhalamba. Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mnyamatayo analipira, naomba m'manja pang'ono, napita. Sanafunsane maina.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ena a inu mudzaima kuseri kwa thebulo la sitolo, ena mudzatsegula mabelo, ena mudzapalasa makina, ndipo nonse muli ndi foni m'thumba. Nsalu yasintha, ndalama yasintha, mseu wasintha. Koma munthu wogula cobvala akali kuima pamaso pa mnzace ndi muyeso wa thupi lace m'manja, ndipo nthawi zina ndi muyeso wa mtima wace womwe. Tsiku lina adzakufikirani munthu wa cingwe cimene mfundo zace sizigwirizana ndi mau ace. Simudzadziwa ngati agulira cirombo ca pa bwalo, sewero la ku sukulu, mlongo weni-weni, kapena mtima wace wa iye mwini, ndipo si nchito yanu kudziwa. Cimene mudzacita m'kamphindi kameneko cingathe kupasula banja la munthu, kapena kumsungira ulemu umene adzaukumbukira zaka 60. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Mkulu wa kwa Kakumbi anauza kale mdzukulu wace mau ace otsiriza a bokosi lija. Madiresi onse akapite ku mtunda kwa anyamata a ku dambwe, kupatula la zitenje ziwiri, limene mtsikanayo adzalisunge cifukwa ca ambuya ace akazi. Koma cingwe ca mfundo zinai adzacikulunge m'nsalu ya maliro ace, pakuti ciyambire usiku uja kuseri kwa nkhokwe, ndi anthu atatu okha amene anawerenga mfundo zace nazindikira mwini wace: telala, mkazi ndi mdzukulu, ndipo pa atatuwo palibe mmodzi amene anaseka.